ZA M'MAIKO AKUTALI: Kodi Otsutsa Angamkane Munthu Amene Mtsogoleri Wafuna Kuti Akhale Nduna?

Usiku wa pa Cisanu, pa 24 January, 2025, mu mzinda wa Washington, likulu la dziko la America, aphungu a Nyumba ya Malamulo yochedwa Senate anawerenga mavoti ao ndi kupeza kuti alingana. Aphungu 50 anabvomereza kuti Bambo Pete Hegseth akhale nduna yoona za citetezo ca dziko, ndipo aphungu 50 enawo anakana. Zitatere, Waciwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Bambo JD Vance, ndiwo anamasula mfundoyo. Iwo anaponya voti lao ku mbali ya obvomereza, ndipo Bambo Hegseth anatenga udindo woyang'anira asilikali onse a dzikolo mwa voti limodzi lokha.

Aphungu onse 47 a mbali yotsutsa anawakana Bambo Hegseth, osatsala ndi mmodzi yemwe. Aphungu atatu a cipani colamula anagwirizana nao pokana. Komabe zonsezi sizinakwanire. Cotero pali funso loyenera kulifatsira: kodi aphungu otsutsa ali nayo mphamvu yoletsa Mtsogoleri wa Dziko kuika munthu wokaikitsa pa mpando wa unduna? Mbiri ya dziko la America ionetsa kuti mphamvuyo ilipo, koma sikhala m'kukweza mau kapena m'kukula kwa milandu imene munthu anenezedwa. Ikhala m'ciwerengero ca aphungu. Otsutsa akakhala ocepa, cipambano cao cidalira pa kukopa mitima ya aphungu ena a m'cipani ca Mtsogoleri mwini.

M'MENE LAMULO LILILI

Malamulo aakulu a dziko la America analembedwa m'caka ca 1787. Amene anawalemba anali atangomasuka kumene ku ulamuliro wa mfumu ya ku Britain, ndipo anaopa kuikanso mphamvu zonse m'manja mwa munthu mmodzi. Cifukwa ca ici anagawa pawiri nchito yoika nduna. Mtsogoleri wa Dziko ndiye asankha dzina, koma Nyumba ya Senate ndiyo ibvomereza kapena kukana. M'Nyumbayi muli aphungu 100, awiri-awiri ocokera m'zigawo 50 za dzikolo. Nyumba inzake, yochedwa House of Representatives, ilibe mau pa nkhani ya nduna.

Apa pali kusiyana ndi kuno ku Zambia. Malamulo a dziko lino, monga anakonzedwera mu 2016, anati Mtsogoleri asankhe nduna pakati pa aphungu, ndipo sanafune kuti Nyumba ya Malamulo iyambe yabvomereza maina ao. Cibvomerezo ca aphungu anacisungira maudindo ena, monga wa Woweruza Wamkulu ndi wa Loya Wamkulu wa Boma. Ku America nduna sikhala phungu konse, ndipo phungu akasankhidwa kukhala nduna ayenera kutula pansi uphungu wake.

Dzina likafika ku Senate liperekedwa ku kabungwe koona za unduna umenewo. Apolisi ofufuza a FBI asanthula moyo wa munthuyo, ndipo iye aulula cuma cake ndi malonda ake onse. Pambuyo pake akhala pamaso pa kabungwe ndi kuyankha mafunso poyera, anthu a dziko lonse akumvetsera. Kabungwe kakaponya voti, nkhani ipita ku Nyumba yonse. Kumeneko mbali imene yaculuka ndiyo ipambana, ndipo mavoti akalingana, Waciwiri kwa Mtsogoleri ndiye aweruza.

M'MENE ANAGWERA BAMBO TOWER

Citsanzo cacikulu ca kukanidwa kwa nduna ndi nkhani ya Bambo John Tower m'caka ca 1989. Mtsogoleri George H. W. Bush, wa cipani ca Republican, atapambana masankho a 1988, anasankha Bambo Tower kuti akhale nduna ya citetezo. Poyamba anthu ambiri anaganiza kuti njira yao inali yolambulidwa kale. Bambo Tower anali atakhala phungu wa cigawo ca Texas m'Nyumba yomweyo kucokera mu 1961 kufikira mu 1985, ndipo kwa zaka zinai anali wapampando wa kabungwe komweko koona za asilikali. Amene anayenera kuwaweruza anali anzao akale.

Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa January, 1989, pamene Bambo Paul Weyrich anaonekera pamaso pa kabungwe. Iwowa sanali a mbali yotsutsa ai, koma munthu wodziwika wocirikiza mfundo za cipani ca Republican. Anauza aphungu kuti anawaonapo Bambo Tower ataledzera, ndiponso ali ndi akazi amene sanali akazi ao. Panabukanso nkhani ya ndalama zambiri zimene Bambo Tower analandira monga mlangizi wa makampani opanga zida za nkhondo, makampani omwewo amene akanacita malonda ndi unduna wao.

Wapampando wa kabungwe, Bambo Sam Nunn a ku Georgia, a cipani ca Democrat, anadandaula kwambiri ndi nkhani ya mowa, popeza nduna ya citetezo ndiyo ipereka malamulo a Mtsogoleri kwa akulu a nkhondo, usana ndi usiku, m'dziko lokhala ndi mabomba a nyukiliya. Kabungwe kanawakana Bambo Tower ndi mavoti 11 kwa 9. Pofuna kudzipulumutsa, iwo analonjeza pa wailesi ya kanema kuti sadzalawanso mowa nthawi yonse imene adzakhala nduna. Mtsogoleri Bush sanawataye, anaima nao mpaka pamapeto.

Pa 9 March, 1989, Nyumba yonse inaponya voti. Obvomereza anali 47, okana 53. Cimene cinawagwetsa ndi ciwerengero: m'Nyumbamo cipani ca Democrat, cimene cinali kutsutsana ndi Mtsogoleri, cinali ndi aphungu 55, pamene ca Republican cinali ndi 45. Aphungu atatu a Democrat anawabvomereza Bambo Tower, ndipo phungu mmodzi wa Republican, Mai Nancy Kassebaum a ku Kansas, anawakana. Patangopita masiku asanu ndi atatu, Nyumba yomweyo inabvomereza Bambo Dick Cheney pa udindo womwewo ndi mavoti 92, popanda wokana. Izi zinaonetsa kuti otsutsa anakana munthuyo, koma sanafune kuti unduna ukhale wopanda mwini.

MILANDU YOFANANA, MATHERO OSIYANA

Patapita zaka 36, Bambo Hegseth anafika pakhomo lomwelo, osankhidwa ndi Mtsogoleri Donald Trump. Iwo anali atagwirapo nchito ya usilikali ku Iraq ndi ku Afghanistan, ndipo anachuka monga muulutsi wa pa kanema wa Fox News. Nawonso ananenezedwa za kumwa mowa mopitiriza muyeso, za makhalidwe ao pa akazi, ndi za kasamalidwe ka ndalama m'mabungwe a asilikali opuma amene anatsogolerapo. Iwo anakana milandu yonseyi, nati inali yongofuna kuipitsa dzina lao, ndipo monga Bambo Tower analonjeza kuti sadzamwa mowa akakhala nduna.

Kusiyana kunali pa mipando. Mu 2025 cipani ca Mtsogoleri cinali ndi aphungu 53, otsutsa 47. Kuti otsutsa apambane panafunika aphungu anai a Republican owoloka mtsinje. Anapezeka atatu: Mai Susan Collins a ku Maine, Mai Lisa Murkowski a ku Alaska, ndi Bambo Mitch McConnell a ku Kentucky, amene anali atatsogolera cipanico m'Nyumbamo kwa zaka 18. Wacinai sanaoneke. Akulu anati ciswe cimodzi siciumba culu, koma usiku umenewo culu cinalephera kutha cifukwa ca kusowa kwa ciswe cimodzi.

ANTHU ASANU NDI ANAI OKHA

Kucokera pa Boma loyamba la 1789 kufikira mu 2025, Nyumba ya Senate inakana mwa voti anthu asanu ndi anai okha osankhidwa kukhala nduna. Ciwerengero cacing'ono cotere cicokera ku mwambo wakale wakuti Mtsogoleri amene anthu amsankha ali ndi ufulu wogwira nchito ndi anthu a kumtima kwake, pakuti zinthu zikalakwika ndiye adzayankhe.

Woyamba kukanidwa anali Bambo Roger Taney mu 1834. Mtsogoleri Andrew Jackson anawaika kukhala nduna ya cuma aphungu ali pa chuthi, ndipo iwo anacotsa ndalama za Boma m'banki yaikulu ya dzikolo, cinthu cimene cinakwiyitsa adani a Bambo Jackson amene anali oculuka m'Nyumbamo. Mwa asanu ndi anai aja, anai anali osankhidwa ndi Mtsogoleri mmodzi, Bambo John Tyler, amene anayambana ndi cipani cao ca Whig mpaka cinawacotsa. Mu March, 1843, Bambo Tyler anatumiza dzina la Bambo Caleb Cushing katatu usiku umodzi, ndipo linakanidwa katatu konse, obvomereza akucepera-cepera ulendo uliwonse. Mu 1959 Bambo Lewis Strauss, osankhidwa ndi Mtsogoleri Dwight Eisenhower kukhala nduna ya malonda, anagwa ndi mavoti 46 kwa 49 m'Nyumba imene munadzala aphungu a Democrat.

Nkhani imene anthu akonda kuisimba ndi ya mu March, 1925. Mtsogoleri Calvin Coolidge anasankha Bambo Charles Warren kukhala nduna ya cilungamo. Cipani ca Mtsogoleri cinali coculuka, koma aphungu ena a m'cipanimo anakaika cifukwa Bambo Warren anali pa ubale ndi makampani aakulu a shuga amene Boma linayenera kuwayang'anira. Waciwiri kwa Mtsogoleri, Bambo Charles Dawes, atauzidwa kuti voti sicitika msanga, anapita kukagona tulo ta masana ku hotela ya Willard. Voti inacitika iwo kulibe, ndipo inalingana, 40 kwa 40. Anawadzutsa ndi kuthamanga nao pa galimoto, koma pofika anapeza phungu mmodzi wotsutsa, amene poyamba anabvomereza, atasintha kale maganizo. Bambo Coolidge anatumizanso dzinalo, ndipo linakanidwanso.

Pa nkhani zonsezi cioneka ndi cimodzi. Dzina ligwa pamene Nyumba ili m'manja mwa otsutsana ndi Mtsogoleri, kapena pamene m'cipani ca Mtsogoleri mwang'ambika.

NDODO IMENE INATHYOLEDWA

Kale otsutsa ocepa anali nayo ndodo ina. Mwa mwambo wa Senate, zokambirana sizitha kufikira aphungu okwanira atabvomereza kuti zitsekedwe, ndipo kuyambira mu 1975 panafunika aphungu 60. Tero aphungu 41 okha akanatha kuletsa kuti voti yeniyeni icitike. Njira imeneyi aicha filibuster.

Kwa zaka zambiri aphungu sanakonde kuigwiritsa nchito pa maina a nduna. Koma mu February, 2013, aphungu a Republican, amene panthawiyo anali ocepa, anaimitsa dzina la Bambo Chuck Hagel, osankhidwa ndi Mtsogoleri Barack Obama kukhala nduna ya citetezo. Ofuna kutseka zokambirana anali 58, osakwana 60. Patapita masiku khumi ndi awiri otsutsa anafewa, ndipo Bambo Hagel anabvomerezedwa ndi mavoti 58 kwa 41.

Caka comweco mikangano yotere inakula, makamaka pa maina a oweruza milandu. Pa 21 November, 2013, mtsogoleri wa aphungu a Democrat, Bambo Harry Reid, anatsogolera anzake kusintha mwambowo ndi mavoti 52 kwa 48. Kuyambira tsikulo, pa maina a nduna ndi akulu ena a Boma sipafunikanso aphungu 60 kuti zokambirana zitsekedwe. Mbali yoculuka, ngakhale iposa inzake ndi voti limodzi, itseka nkhani. Bambo McConnell anacenjeza tsiku lomwelo kuti a Democrat adzamva cisoni posacedwa.

Sizinacedwedi. Mu 2017 a Democrat ndiwo anali otsutsa ocepa, ndipo ndodo imene anathyola ali olamula ndiyo anaisowa. Pa 7 February caka cimeneco, Mai Betsy DeVos, osankhidwa ndi Bambo Trump kukhala nduna ya maphunziro, anakanidwa ndi otsutsa onse 48 pamodzi ndi Mai Collins ndi Mai Murkowski. Mavoti analingana, ndipo Waciwiri kwa Mtsogoleri, Bambo Mike Pence, anawapulumutsa. Kanali koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti nduna ilowe mwa njira imeneyi. Ya Bambo Hegseth inali yaciwiri.

MAINA AMENE AGWA VOTI ISANACITIKE

Wina angaganize kuti tsopano otsutsa alibe cocita. Kuganiza kotero n'kuiwala kuti maina ambiri agwera m'njira, asanafike pa voti. Mtsogoleri akawerenga mitu mwakacetecete ndi kuona kuti siikwanira, auza munthu wake kuti adzicotse yekha, kupewa manyazi a kugonja poyera.

Mu December, 1992, Mtsogoleri Bill Clinton anasankha Mai Zoe Baird kukhala nduna ya cilungamo, Nyumba ili m'manja mwa cipani cake. Zinaululika kuti maiwa analemba anchito a pakhomo ocokera ku Peru amene analibe cilolezo cogwira nchito m'dzikolo, ndiponso sanawalipirire msonkho pa nthawi yake. Anthu wamba anaimba mafoni oculuka kwa aphungu ao, kufunsa m'mene wophwanya lamulo angakhalire msungi wa lamulo. Aphungu a Democrat anayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo dzinalo linacotsedwa.

Mu 2021 Nyumba inali yogawika pakati, 50 kwa 50. Mtsogoleri Joe Biden anasankha Mai Neera Tanden kuyang'anira ofesi ya bajeti, udindo wolingana ndi wa nduna. Otsutsa anakumbutsa mau onyoza aphungu amene maiwa analembapo pa Twitter. Phungu mmodzi wa cipani colamula, Bambo Joe Manchin a ku West Virginia, atanena kuti sadzawabvomereza, nkhani inathera pomwepo, ndipo pa 2 March dzinalo linacotsedwa.

Mu November, 2024, Bambo Trump anachula Bambo Matt Gaetz kuti adzakhale nduna ya cilungamo. Iwowa anali kufufuzidwa ndi kabungwe ka anzao aphungu pa nkhani za makhalidwe, zimene anazikana. Anadzicotsa patangopita masiku asanu ndi atatu, aphungu a Republican angapo ataonetsa kuti sadzawapatsa voti. Cipani comweco, ndi Mtsogoleri yemweyo, cinalola Bambo Hegseth koma cinawabweza Bambo Gaetz.

Apa ndi pamene paonekera nchito yeniyeni ya otsutsa ocepa. Iwo afukula zobisika, afunsa mafunso pamaso pa anthu, acedwetsa voti kuti olemba nkhani apeze nthawi yofufuza, ndipo asonkhezera anthu a m'zigawo kulankhula ndi aphungu ao. Phungu wa cipani colamula akaona kuti kubvomereza dzina kudzamtaitsa mpando pa masankho akudza, ayamba kumvera anthu a kwao koposa Mtsogoleri. Komanso phungu yemweyo adziwa kuti akamkana Mtsogoleri wokondedwa m'cipani, angacotsedwe ndi anzake pa cisankho ca m'cipani momwemo. Mantha awiriwa ndiwo ayesedwa pa sikelo, ndipo olemera ndiwo apambana.

NJIRA ZA MTSOGOLERI ZOLAMBALALA

Mtsogoleri nayenso sakhala manja lende. Malamulo amlola kuika munthu pa udindo kwa kanthawi pamene aphungu ali pa chuthi, monga anacitira Bambo Jackson ndi Bambo Taney. Koma mu 2014 Khoti Lalikulu linagamula kuti chuthi cosakwana masiku khumi kawirikawiri sicikwanira, ndipo Senate inazolowera kukumana mwa mwambo cabe masiku atatu alionse, kwa mphindi zocepa, kuti khomo limeneli likhale lotseka.

Njira ina ndi yoika wogwirizira udindo. Mu 2023 Bambo Biden anasankha Mai Julie Su kukhala nduna ya anchito. Mavoti sanakwane, ndipo dzina lao silinafike pa voti ya Nyumba yonse. Koma popeza anali kale waciwiri kwa nduna, anagwirizira undunawo kufikira Boma la Bambo Biden litatha mu January, 2025. Otsutsa anawamana dzina la unduna, koma sanawacotse pa nchito.

CIMENE CITSALA

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse zili ndi nzeru. Nyumba ikazolowera kukana maina cifukwa ca cidani ca zipani cabe, maunduna akhala opanda atsogoleri ndipo obvutika ndi anthu wamba amene adikira nchito za Boma. Koma Nyumba ikazolowera kubvomereza aliyense cifukwa ca kuopa Mtsogoleri, colinga ca amene analemba malamulo a 1787 cifa, ndipo asilikali, cuma ndi cilungamo ca dziko zigwera m'manja mwa munthu amene sanapimidwe.

Otsutsa oculuka akhoza kumkana munthu, monga anacitira mu 1959 ndi mu 1989. Otsutsa ocepa, kuyambira mu 2013, sangathe paokha, ngakhale akhale ndi umboni wodzala nkhokwe. Cimene angathe ndi kuika umboniwo poyera ndi kudikira kuti aone ngati m'cipani colamula muli aphungu okwanira olimba mtima. Pa nkhani ya Bambo Gaetz anapezeka voti isanacitike. Pa nkhani ya Bambo Hegseth anapezeka atatu, pamene panafunika anai.